Kukayendera chilumba chabata pa boti: kulowa, kutsika ndi kutulukamo

Chilumba chikakhala zii, chopanda hotela, chopanda doko, chopanda maboti ena pagombe, pamakhala chifukwa chake. Kawirikawiri chimakhala chovuta kufikako: chazingidwa ndi matanthwe a korali (miyala yakuthwa yomangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), polowera ndi popanikiza, kapena kulibe madzi akumwa. Bata lomwe mwatsatiralo ndi lomwe lidzakusowetseni wokukokani injini ikadzazima. N'chifukwa chake malangizo onsewa atsamira pa mfundo imodzi: musalowe pamalo pomwe simunadziwe mmene mudzatulukire. Ndipo nthawi yolowa ndi yotuluka sinena ndinu. Imanenedwa ndi dzuwa, madzi ndi mphepo.

Ndikukamba za zilumba za panyanja zamchere kumadera otentha, komanso za boti lamatanga kapena la injini lomwe mumagonamo, lokhala ndi kaboti kopitira kumtunda. Ngati mwachita hayala boti pamodzi ndi woyendetsa wake, werenganibe. Mudzadziwa zomufunsa, ndipo mudzazindikira msanga akayamba kuchita juga ndi miyoyo yanu.

Yambani ndi mwezi, chilumba chibwere pambuyo

Ambiri amayamba ndi chithunzi chokongola cha pa intaneti, kenako n'kuyang'ana masiku a tchuthi. Yambani ndi nyengo. Ku Caribbean ndi panyanja ya Atlantic nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni kukathera pa 30 Novembala. Kum'mwera kwa Pacific, komwe kuli Fiji, Tonga ndi Vanuatu, imayamba mu Novembala mpaka Epulo, ndipo dera la Madagascar ndi Mauritius panyanja ya Indian ndi miyezi yomweyo. Chilumba chopanda doko si malo odikirirapo namondwe.

Nyengoyo ikadutsa, mphepo ya kumadera amenewa imakhala yodalirika ndithu. Kumpoto kwa equator imakonda kuchokera kumpoto chakum'mawa, kum'mwera kwake imachokera kum'mwera chakum'mawa. Choncho mbali ya kum'mawa ya chilumba ndiyo imamenyedwa ndi mafunde, ya kumadzulo imakhala yobisika, ndipo ndiko koimika boti. Koma kumpoto kwa nyanja ya Indian ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia mphepo imatembenuka kawiri pachaka, moti gombe lomwe linali phee mu Januwale limatha kukhala la mafunde okhaokha mu Julayi. Chithunzi chija sichinena mwezi womwe anachijambula.

Chilumba chilichonse chili ndi mwini wake

Kusaona munthu sikutanthauza kuti malowo ndi opanda eni. Ngati chilumba chili m'dziko lina, muyambe mwafika padoko lovomerezeka lolowera m'dzikomo, mutakweza mbendera yachikasu yomwe amalinyero amaitcha Q, kuti a kasitomu, a zolowa ndi kutuluka ndi a zaumoyo akuoneni. Kutsikira pa kachilumba ka m'njira musanadinditse pasipoti ndi mlandu, ngakhale kakhale ka mbalame zokhazokha.

Zilumba zina ndi zotetezedwa. Ku Aldabra, m'dziko la Seychelles, komwe kuli akamba akuluakulu a pamtunda oposa 100,000, munthu satsika popanda chilolezo. Ku North Sentinel, panyanja ya Bay of Bengal, boma la India limaletsa ngakhale kuyandikira, pofuna kuteteza anthu a kumeneko omwe safuna alendo ndipo matenda akunja akhoza kuwapulula. Kwina mwini wake ndi mudzi. Ku Fiji gombe ndi malo osodzera zimakhala za fuko, ndipo mlendo amayamba wakaonekera kwa mfumu atatenga mizu ya kava, mwambo womwe amautcha sevusevu. Mfumu ikalandira, ndiye kuti mwaloledwa kusambira, kuyenda ndi kuimika boti. Musanaodire simunafike. Fufuzani zimenezi mudakali kumtunda komwe kuli intaneti, ndipo chilolezo chilichonse muchisindikize papepala.

Musananyamuke siyirani munthu mmodzi wodalirika dongosolo la ulendo wanu: dzina ndi maonekedwe a boti, anthu angati, chilumba chiti, tsiku lobwerera, ndi ola lomwe ayenera kuimbira opulumutsa anthu panyanja ngati sanamve mawu anu.

Zonyamula

Pano sindichulukitsa. Madzi akumwa malita 4 pamunthu patsiku, kuwonjezapo a masiku awiri omwe simunawakonzere, ndipo akhale m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikabooka musataye onse. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndipo kuwamwa kumangowonjezera ludzu. Mafuta muwagawe patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, gawo losakhudza. Jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense. Wailesi ya VHF, yomwe tchanelo chake choitanira chithandizo ndi 16 padziko lonse, ndi ina yam'manja yotenga potsika. VHF sifika patali, choncho kuzilumba zakutali pamafunikanso EPIRB, kachipangizo kotumiza uthenga wa ngozi kudzera pa setilaiti pa 406 MHz, kolembetsedwa m'dzina la boti lanu. Anangula awiri. Bokosi la mankhwala lokhala ndi viniga, mabandeji ndi mankhwala otsukira zilonda. Foni yam'manja muiwerengere ngati kamera basi.

Mapu amathandiza, koma amanamanso

GPS imakuuzani molondola pomwe boti lili. Sikuuzani molondola pomwe thanthwe lili, chifukwa zimenezo zimachokera pamapu, ndipo mapu a zilumba zambiri zakutali anachokera pa miyezo yakalekale, ina ya m'zaka za m'ma 1800. Mu Januwale 2013 sitima yankhondo ya ku America, USS Guardian, inakwera pa matanthwe a Tubbataha ku Philippines chifukwa, mwa zina, mapu ake a pakompyuta anaika matanthwewo makilomita pafupifupi 15 kutali ndi pomwe ali. Sitimayo anachita kuiduladula pomwepo. Mu Novembala 2014 boti la mpikisano la Team Vestas Wind, lokhala ndi akatswiri okhaokha, linawomba matanthwe a Cargados Carajos kumpoto chakum'mawa kwa Mauritius usiku. Matanthwewo analipo pamapu, koma ankaoneka pokhapokha munthu akakulitsa chithunzi pasikirini.

Ndiye chitani zinthu zitatu. Njira yonse muiyendere pasikirini mutakulitsa, kuyambira ponyamukira mpaka pofikira, osadumpha. Muyerekeze mapuwo ndi zithunzi za setilaiti, zomwe m'madzi oyera zimaonetsa korali bwino kuposa mapu ambiri, ndipo muzisunge m'chipangizo chanu chifukwa kumeneko kulibe netiweki. Chachitatu, sankhirani malo achiwiri othawirako mukapeza kuti polowera sipakulowereka. Akhale malo omwe mungafikeko kusanade, kapena omwe ngakhale usiku munthu amalowa bwinobwino.

Werengerani nthawi chobwerera m'mbuyo

Ola lofika ndilo limabala ola lonyamuka. M'madzi a korali mumayenda ndi maso, ndipo maso amaona pansi pokhapokha dzuwa likakhala pamwamba komanso kumbuyo kwanu, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Likakhala kutsogolo, nyanja yonse imangonyezimira ngati malata atsopano ndipo simuona kanthu. Poti nthawi zambiri mudzalowera mbali ya kumadzulo mutaloza kum'mawa, nthawi yabwino ndi dzuwa litangopendeka, cha m'ma 1 koloko. Ngati chilumba chili pa makilomita 54 ndipo boti lanu limayenda makilomita 9 pa ola, ndi ulendo wa maola 6. Nyamukani 6 koloko m'mawa, kuti ola limodzi likhale losungira.

Musadalire chisisira. Pafupi ndi equator dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo pakangotha mphindi 20 kapena 25 mdima wagwa. Mukachedwa, gonerani kunja panyanja yakuya, kutali ndi matanthwe, mulowe mawa. Ndi usiku wosasangalatsa, wogwedezeka, aliyense akung'ung'udza, koma boti limacha lili lathunthu.

Chinthu chachiwiri ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. M'malo ambiri madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri patsiku, pafupifupi maola 6 kukwera, maola 6 kutsika, ndipo tsiku lililonse nthawi zake zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri. Kusiyana kwake kumatengera malo: ku Caribbean nthawi zambiri sikufika ndi theka la mita lomwe, pomwe kugombe la kum'mawa kwa Africa kumafika mamita 4. Pezani tebulo la nthawi zimenezi la doko loyandikira.

Madziwo sakwera mofanana ola lililonse. Gawani kusiyana konse pa 12. Ola loyamba amakwera gawo 1, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Ngati kusiyana ndi mamita 3.6, ola loyamba akwera masentimita 30 okha, koma pa maola awiri apakati akwera mamita 1.8. Maola apakatiwo ndi omwe madzi amathamanga kwambiri.

Izi zimafika povuta pazilumba zooneka ngati mphete, zotchedwa atoll, monga za ku Tuamotu ndi ku Maldives. Mkati mwa mphetemo muli dziwe lalikulu, ndipo madzi ake amalowa n'kutulukira pa mipata yochepa. Pampata potero madzi amatha kuthamanga kuposa liwiro la boti lamatanga, ndipo akamatuluka n'kukumana ndi mphepo yochokera kunja amadzutsa mafunde oima chilili. Lowani madzi ataima, pakati pa kudzaza ndi kuphwa, kapena akutuluka pang'ono chabe, kuti boti liziyenda molimbana nawo ndipo chiwongolero chizimvera. Tebulo likhoza kuphonya ndi ola lathunthu ngati mafunde akunja akhala akusefukira m'dziwemo. Fikani msanga, zungulirani panja, yang'anani mpatawo ndi maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kulowa

Tsitsani matanga, lizani injini, nangula akhale wokonzeka kugwa nthawi iliyonse. Munthu mmodzi aime kutsogolo kwa boti, pamalo okwera momwe angathere, atavala magalasi a dzuwa a mtundu wa polarized, omwe amachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi. Gwirizanani zizindikiro za manja musanayambe, chifukwa mawu amamezedwa ndi injini. Ndipo mumvane chinthu chimodzi: dzanja likuloza kopita, osati komwe kuli mwala. Maboti ambiri akhumudwa chifukwa wina analoza ngozi, woyendetsa n'kukhotera komweko.

Mtundu wa madzi ndiwo buku lanu. Obiriwira moderako ngati inki ndi akuya. Akamayera n'kumaoneka ngati thambo, pansi pali mchenga ndipo kuya kukuchepa. Obiriwira ngati msipu wanthete ndi mamita ochepa chabe. Oyera mbuu, mongoti mbee, ndi ofika m'mawondo. Chofiirira kapena chachikasu ndi korali ili pafupi ndi pamwamba: chilambalaleni. M'madziwe ambiri muli zulu za korali zomwe zimachoka pansi pa mamita 15 kapena 20 n'kufika pafupi ndi pamwamba mowongoka ngati chipupa, moti chipangizo choyezera kuya sichikuchenjezani, poti chimangoona pansi pa boti, osati kutsogolo. Banga lakuda nthawi zina limakhala udzu wa pansi pa nyanja kapena mthunzi wa mtambo. Mthunzi umayenda, mwala suyenda. Mukakayika, lambalalani.

Yendani pa liwiro la munthu woyenda pansi. Mtambo ukaphimba dzuwa, imani mpaka udutse. Ndipo yatsani GPS kuti ijambule mzere wa njira yomwe mwadutsa, muusunge. Mzere umenewo ndiwo khomo lanu lotulukira zinthu zikadzavuta usiku.

Kuponya nangula

Ngati pali boya (choyandama chomangirirapo boti) lomwe oyang'anira malowo anaika, mangani pamenepo, koma mulowe m'madzi mukaone chingwe chake ngati sichinadyeke. Ngati palibe, funani bwalo la mchenga woyera. Nangula pa korali ndi zoipa ziwiri: amaphwanya chamoyo chomwe mitundu yake ina imakula sentimita imodzi yokha pachaka, ndipo unyolo umakodwa moti simungauzule mukafuna kuthawa. M'mayiko ambiri ndi mlandu wa chindapusa.

Masamu ake ndi awiri. Oyamba ndi a madzi akaphwa: kodi boti lidzayandamabe? Mukafika madzi atadzaza, kuya kuli mamita 3, kusiyana kwa tsikulo kuli mamita 2, ndiye kuti pakatha maola 6 padzatsala mita imodzi. Boti lomira mamita 1.5 lidzakhala pansi n'kupendekeka. Achiwiri ndi a madzi akadzaza: unyolo ukwane. Tengani kuya kwa madzi atadzaza, wonjezani msinkhu wa kutsogolo kwa boti kuchokera pamadzi, muchulukitse ka 5 ngati ndi unyolo, ka 7 ngati ndi chingwe. Kuya mamita 4, madzi akwerabe mamita 2, kutsogolo kwa boti mita imodzi: zonse 7, ndiye unyolo mamita 35. Nangula sagwira chifukwa cha kulemera kwake. Amagwira chifukwa akukokedwa chogona, n'kumakumba mumchenga ngati khasu. Unyolo ukafupika amakokedwa choimirira n'kuzuka.

Lozetsani boti komwe kukuchokera mphepo, liime, tsitsani nangula mpaka agunde pansi, kenako muzimasula unyolo pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo. Osaunjika unyolo wonse pamwamba pake. Ukakwana, ikani injini m'giya ya m'mbuyo, muwonjezere moto pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Gwirani unyolo ndi dzanja kunja kwa chokulungira: ukamanjenjemera n'kumadumpha, nangula akukwekwereka. Zulani, yambiraninso, ngakhale kachitatu, manyazi alibe ntchito pamenepa. Sankhani zinthu ziwiri za pamtunda zomwe zaima mzere umodzi, monga mtengo ndi nsonga ya phiri. Zikasiyana, mwasuntha. M'madzi oyera ine ndimavala magalasi osambirira n'kukamuona nangulayo ndi maso, ndipo tulo take timakoma kuposa ta alamu ya pa GPS, ngakhale nayonso muitchere.

Kumbukirani kuti boti limazungulira nangula. Mphepo ikatembenuka lidzapita mbali inayo pamtunda wofanana, choncho bwalo lonselo likhale lopanda zulu za korali. Mukatha zonsezi musathamangire kumtunda. Khalani theka la ola, imwani madzi, onani mmene boti lakhalira.

Kaboti

Ngozi zambiri za paulendo wotere sizichitikira pa boti lalikulu. Zimachitikira pa kaboti, pakati pa boti ndi gombe, anthu atavala zosambira, opanda chilichonse m'manja. Mbali yobisika ya chilumba ndi yomwe mphepo imawomba kuchoka kumtunda kupita kunyanja. Injini ya kaboti ikazima pamenepo, mphepo imakukankhirani kunja, ndipo kaboti kopopa ndi mpweya sikapalasika bwino molimbana ndi mphepo. Choncho nthawi iliyonse, ngakhale ulendo wa mamita 200, m'kabotimo mukhale nkhafi ziwiri, kanangula ndi chingwe chake, chokapira madzi, tochi, wailesi yam'manja, botolo la madzi ndi majekete. Woyendetsa amange kachingwe kozimitsira injini pamwendo kapena padzanja, kuti akagwera m'madzi injini izime, kaboti kasamazungulire n'kumutema ndi pulopela. Mukamakayendera magombe ena, yambani kulowera komwe kukuchokera mphepo, kuti chikavuta ikubwezereni kwanu.

Pofika pagombe imani kaye kuseri kwa mafunde muwawerenge. Amabwera m'magulu, akuluakulu angapo kenako kabata. Lowani pa kabatako, kwezani injini isanagunde pansi, tsikirani m'mbali, ndipo musalole kaboti kupingasa funde. Pasakhale munthu pakati pa kaboti ndi gombe funde likamabwera.

Kenako kokerani kaboti kumtunda kupitirira mzere wa zinyalala ndi udzu wouma womwe madzi anasiya atadzaza, mukamange kumtengo kapena mukwirire kanangula mumchenga. Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Ndinakasiya pamchenga wouma ndithu, ndikuti tingozungulira pang'ono, ndipo pobwera kanali kakuvinavina pamadzi, kakulowera kunyanja. Ndinakapeza chosambira, anzanga akuseka pagombe. Mphepo ikanakhala yamphamvu pang'ono, sipakanakhala woseka. Vuto lake lina ndi lotembenuza: mukatsika madzi atadzaza, pobwera mukhoza kupeza kaboti kali patali ndi madzi, pakati pali thanthwe lakuthwa loti mukanyamulirepo.

Pamtunda

Ngati pali mudzi, yambirani kumeneko. Valani zofunda mapewa ndi mawondo, perekani moni, funsani wamkulu wa pamalopo, pemphani musanajambule munthu. Mtengo uliwonse wa kokonati womwe mukuuona uli ndi mwini wake. Madzinso musawapemphe mwachisawawa: pazilumba za korali madzi abwino ndi a mvula, kapena kagawo kochepa koyandama pamwamba pa madzi amchere pansi pa mchenga, ndipo chilala chikabwera amatha. Anthu a pamenepo ndiwo akudziwa mpata wabwino, nsomba zodyedwa ndi komwe kuli ng'ona. Kumpoto kwa Australia, ku Papua New Guinea ndi ku Solomon Islands ng'ona za m'madzi amchere zimafika mpaka pamagombe a zilumba. Safunsa anadya phula.

Yendani m'mamawa kapena chakumadzulo, masana mukhale pamthunzi. Ngati mukufuna kuzungulira chilumba chonse m'mbali mwa nyanja, nyamukani madzi akuphwa, chifukwa pali nsonga zina zomwe zimadutsika pokhapokha madzi atatsika, ndipo akabwerera amakutsekerani kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ikani ola lotembenukira, mulisunge ngakhale gombe lotsatira likukopani. Valani nsapato zotseka, poti korali youma imacheka ngati lumo ndipo zilonda zake zimachedwa kupola. Mukachekeka, tsukani bwino ndi madzi abwino ndi sopo tsiku lomwelo. Chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, odzolanso pakatha maola awiri. Mayiko ena amasankha mafutawo: Palau inaletsa mu 2020 mitundu yomwe imawononga korali, ndipo Hawaii inaletsa kugulitsa okhala ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira 2021. Munthu akayamba mutu, chizungulire ndi kusokonezeka, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, muitanitse chithandizo. Madzulo udzudzu ndi tintchentche toluma ta mumchenga zimatuluka, ndipo kuzilumba zambiri kuli dengue kapena malungo.

Osadya chipatso chomwe simukuchidziwa. Ku Caribbean kuli mtengo wa manchineel womera m'mbali mwa gombe, wa tizipatso tooneka ngati maapozi aang'ono obiriwira. Utomoni wake umatulutsa matuza, moti ngakhale kubisala mvula pansi pake n'koopsa. M'malo ena amaupaka mzere wofiira, koma pachilumba chopanda anthu palibe wopaka. Musagonenso pansi pa mtengo wa kokonati wobereka.

Chokoma cha chilumba chabata ndi zamoyo zosaopa munthu, ndipo n'zomwenso zimapwetekeka msanga. Mbalame zambiri za kunyanja zimaikira mazira pansi penipeni. Zikadzuka zonse n'kumalira pamutu panu, mwayandikira kwambiri, ndipo mazira osiyidwa padzuwa lotero amapsa m'mphindi zochepa. Bwererani. Mukaona mikwasa yonga ya matayala a thirakitala kuchoka m'madzi kukwera pagombe, kamba wa m'nyanja waikira pamenepo mazira pafupifupi 100, omwe amaswa pakatha miyezi iwiri. Osapondapo, osakoleza moto, osawalitsa tochi, chifukwa tiana take timatsata kuwala pofuna nyanja. Zigoba za nkhono zisiyeni, ndi nyumba za tinkhanu tomwe timasamukiramo tikamakula. Korali, zigoba za nkhono zikuluzikulu ndi za akamba zimatetezedwa ndi CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zomwe zili pangozi yakutha, ndipo pachipata cha dziko adzakulandani.

Mlendo woopsa kwambiri ndi khoswe. Mu 1918 sitima ya Makambo inakhumudwa pachilumba cha Lord Howe, makoswe n'kutsikira kumtunda, ndipo m'zaka zochepa mitundu isanu ya mbalame zopezeka kokhako inatheratu. Onetsetsani kuti boti lanu lilibe makoswe, kutumulani zikwama, chotsani njere ndi dothi kunsapato. Zinyalala zanu zonse zibwerere nanu. Malamulo a MARPOL, pangano la mayiko loletsa sitima kuipitsa nyanja, amaletsa kutaya pulasitiki m'nyanja paliponse.

M'madzi

Sambirani awiriawiri, wina atsale m'kaboti akuyang'ana. Yambani molimbana ndi madzi, kuti pobwerera mutatopa akuthandizeni. Pafupi ndi mpata musasambire madzi akutuluka. Akakukokani, musalimbane nawo: sambirani chopingasa mpaka mutuluke mumkuku wake.

Lamulo ndi losagwira ndi losaponda. Poyenda m'madzi osaya khwekhwerezani mapazi, kuti nsomba yafulati ya mchira wobaya yomwe imadzikwirira mumchenga imve n'kuthawa. Nsomba ya stonefish imaoneka ngati mwala wa ndere, ndipo minga yake ili ndi ululu woopsa. Wobayidwa ndi ziwirizi aviike chilondacho m'madzi otentha momwe khungu lingapirire, osapitirira madigiri 45, ndipo mupite naye kuchipatala. Nkhono yooneka ngati nguli, ya mawanga okongola, imabaya ndipo mitundu ina imapha. Wolumidwa ndi box jellyfish, chamoyo chofewa choonekera mkati chokhala ndi zingwe zaululu, mumuthire viniga wambiri kwa masekondi osachepera 30, osatikita, n'kuitana chithandizo nthawi yomweyo.

Za nsomba zowedza nokha chenjerani ndi ciguatera, poizoni wochokera ku tizomera tating'onoting'ono ta pakorali yemwe amaunjikana m'nsomba zikuluzikulu zodya zinzake, monga barracuda, moray eel ndi grouper zazikulu. Alibe fungo, ndipo kuphika kapena kuwamba sikumuchotsa. Amayambitsa kusanza, dzanzi m'milomo, ndi chizindikiro chodabwitsa choti chozizira chimamveka ngati chikuwotcha. Nsomba yomweyo imatha kukhala yabwino mbali ina ya chilumba, yoipa mbali ina. Ngati palibe mwini dera woti mumufunse, idyani za m'nyanja yakuya monga tuna, kapena za m'chitini.

Usiku ndi m'mawa mwake

Bwererani ku boti dzuwa lisanalowe. Yatsani nyali yoyera ya pamwamba yooneka mbali zonse. Kwezani kaboti kapena mukamange ndi zingwe ziwiri, konzani pabwalo la boti kuti pasakhale chopunthwitsa, kiyi wa injini akhale pamalo pake, mzere wa GPS uja ukhale pasikirini. Mverani za nyengo, ndipo mugwirizane kuti mphepo ikatembenukira kuti, kapena ikafika pati, mudzachita chiyani. Mphepo ikayamba kuchokera kunyanja, gombe lomwe limakutetezani limasanduka mwala womwe uli kumbuyo kwanu. Ngati zolosera zanena kuti itembenuka, tulukani masana, musadikire kuti mutsimikize pakati pa usiku. Mvula ya mkuntho ikadutsa, mmodzi adzuke akaone unyolo ndi zizindikiro za pamtunda zija.

Zikakhala bwino, zimitsani nyali zonse za mkati mukhale panja kanthawi. Kopanda magetsi nyenyezi zimatsika mpaka pamadzi, ndipo mukavundula nyanja ndi nkhafi nthawi zina imathetheka kuwala kobiriwira kwa tizamoyo tosaoneka ndi maso.

Potuluka dzuwa liyeneranso kukhala kumbuyo. Ngati munalowa mutaloza kum'mawa masana, mutuluka mutaloza kumadzulo, ndipo nthawi yake ndi m'mawa cha m'ma 9 kapena 10 koloko, mogwirizana ndi kuima kwa madzi pampata. Yendetsani boti pang'onopang'ono kupita pomwe pali nangula uku mukukulunga unyolo, osalikoka ndi chokulungira. Unyolo ukakodwa pa mwala musakakamize: wina ayang'ane pansi ndi magalasi, akuuzeni mbali yomwe wazungulira, muumasule poyendetsa boti mobwerera njira yomweyo. Woyang'anira abwerere kutsogolo, mutsate mzere wanu wadzulo, ndipo matanga muwakweze mutafika pa madzi a inki aja. Netiweki ikangogwira, imbirani munthu uja munamusiyira dongosolo, asadzutse opulumutsa anthu inu muli bwinobwino.